Zikomo kwa inu amene munandiphunzitsa kudzichitira chifundo

Abale ndi alongo, Loweruka lapitali tinavundukula chiliza cha mng'ono wanga kumudzi kwathu ku Thyolo. Sindingathe kufika pakhomo pa aliyense, ndiye ndati ndilembe pano kuti nonse mumve: zikomo kwambiri. Amene munapereka simenti, amene munabwera ndi ufa ndi nkhuni, anyamata amene munatuta mchenga kudambo, amayi amene munachezera pamoto kuphika, Mulungu abweze pomwe mwachotsa.

Ambiri mukudziwa kuti mng'ono wangayu anapita ndi namondwe wa Freddy, usiku wa pa 12 kuchera pa 13 Marichi 2023, pamene matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukokolola nyumba ku Chilobwe. M'dziko lonse tinataya anthu oposa 1,000, ndipo oposa theka la miliyoni anasowa pogona. Mwana wake anapulumuka chifukwa tsikulo anagona kwathu. Asilikali, a Red Cross ndi anyamata a m'deramo amene munakumba matope ndi makasu, ena ndi manja enieni, sindikudziwani maina, koma chifukwa cha inu tili ndi manda oti tiloze.

Chimene ambiri simukudziwa ndi chimene chinkandidya mumtima. Ndine ndinamuitanira m'tauni. Ndine ndinamupezera nyumba ya lendi m'munsi mwa phirimo, poti inali yotsika mtengo. Maliro atatha ndinadziweruza ndekha, n'kudzipeza wolakwa, n'kuyamba kudzilanga. Nsima sinkatsika. Ndikaseka mwangozi, ndinkachita manyazi ngati ndaba. Yunifolomu ya Mvano ndinaipinda n'kuiika pansi pa sutikesi, ndipo tsiku la Mgonero ndinkatuluka m'tchalitchi mwakachetechete. Ndinkayesa kuti kudzizunza kotere ndiko kumukonda malemu, ndiponso kuti Mulungu akuona kudzichepetsa kwanga.

Mayi anga a ku Mvano, inu achikulire amene munkabwera ndi kabakuli ka phala la mgaiwa, sinditchula dzina lanu koma mukudzidziwa. Simunandilalikire. Munkangokhala pamkeka mpaka nditamaliza kudya. Tsiku lina munandifunsa kuti: "Mwananga, akanakhala mnzako wa pa Mvano amene anachita zomwe unachitazi, kumufunira mbale wake pokhala, ukanamuuza mawu amene ukudziuzawa?" Ndinasowa choyankha. Mawu amene ndinkadzinenera usiku uliwonse sindikanawanena ngakhale kwa mdani. Munandikumbutsanso za Eliya, atathawira kuchipululu n'kupempha imfa: mngelo sanayambe ndi kumudzudzula, anamudzutsa kuti adye ndi kumwa, anagonanso, anamudzutsanso kuti adye, poti ulendo unali wautali. Nkhaniyi ndinaiphunzira ku Sande sukulu, koma sindinaimvepo chonchi.

Abusa, zikomo poti munandiitana mutaona kuti ndikuthawa gome la Ambuye. Munanditsegulira 1 Yohane 3:20, pomwe pamati ngakhale mtima wathu utitsutse, Mulungu ndi wamkulu kuposa mtima wathuwo ndipo amadziwa zonse. Apa m'pomwe ndinazindikira kuti ndinali nditakhala pampando woweruzira umene si wanga. Ndinkapempherera chifundo anthu a ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu, koma chifundo chomwecho chikafika pa ine ndinkachitsekera chitseko. Lamulo lija loti uzikonda mnzako monga udzikonda iwe mwini ndinkangolimvera mbali imodzi.

Ndinenepo ichi, poti ena amaopa kuti kudzichitira chifundo n'kudzilekerera kapena kudzikonda. Ine ndaona zosiyana. Nthawi imene ndinkadzida, ndinalinso wouma mtima kwa ena. Mwana wamasiye uja ndinkamukalipira pa tinthu tachabechabe, chifukwa nkhope yake inkandikumbutsa mlandu wanga. Nditayamba kudzilankhula mofatsa, m'pomwe ndinatha kumufungatira akamalira amake, n'kulira naye limodzi. Pemphero langanso linasintha. Kale ndinkangogwada kudzineneza, pano ndimatha kunena kuti Ambuye lero ndatopa, ndipo sindiona ngati ndachimwa potero.

Zikomo kwa mlangizi wa zamaganizo amene anamwino a kuchipatala ananditumizako. Munandifotokozera kuti opulumuka ngozi ambiri amadziimba mlandu pa zinthu zimene sakanazidziwiratu, ndipo kuti kusowa tulo ndi kunjenjemera mvula ikayamba si kuchepa kwa chikhulupiriro. Akhristu anzanga, kupita kwa mlangizi sikunandichotsere Mulungu. Ndinkachoka kumeneko n'kukapemphera bwino.

Bambo a kunyumba, munapirira zambiri. Munkaphikira ana ine nditangogona kuyang'ana kukhoma, ndipo simunanenepo kuti zakwana. Apongozi anga, zikomo pomulandira mwanayu ngati mdzukulu wanu weniweni.

Sindinachire kotheratu. Mitambo ikada kumwera mtima umagundabe, ndipo mwezi wa Marichi umandilemera. Masiku oterowo ndimalola kulira, ndimadya, ndimaimbira foni mnzanga, osadzitukwana kuti ndabwerera m'mbuyo. Ku Mgonero ndinabwerera, ndipo yunifolomu ija ndinaivala Loweruka pamanda.

Muzitikumbukirabe m'mapemphero, makamaka mwanayu amene tsopano wayamba kufunsa mafunso ovuta okhudza amake. Amene munatibwereka mapoto, mipando ndi tenti, tibweza zonse mkati mwa sabata ino.