Gumbagumba yanga inafuka utsi pa 6 July

Nditasunga R3,000 kuchokera ku maganyu a kuno ku Joni, ndinati nanenso ndikhale ndi gumbagumba, a ku Rosettenville adziwe kuti m'kachipinda ka kuseri kaja mumakhala munthu.

R1,800 ndinagulira ampulifaya yakale, yolemera ngati mtondo. R700 inapita pa waya wa nsonga zagolide, poti wogulitsa anachita kulumbira kuti nyimbo zimayendamo ngati madzi a mu Shire. Yotsalayo ndinatolera masipika anayi pafupi ndi Park Station, lililonse lolembedwa 5000W PMPO ndi zilembo zofiira.

Malume anga, amene amakonza mawailesi ku Yeoville, atawona katunduyo anagwira pakamwa.

"Mphwanga, mawu amatulukira m'sipika, osati mu waya. Ndalama zambirizo ukanagulira masipika awiri abwino, ampulifaya yolingana nawo, waya wamba wakopa basi. Ndipo PMPO ndi nambala yokopera ogula, uziyang'ana RMS, nambala yonena mphamvu yeniyeni."

Ndinati "ndamva malume," mumtima ndikuti nsanje ya akuluakulu.

Pa 6 July ndinaitana anzanga tikondwerere ufulu. Nsima inali pamoto, usipa utafika pabasi dzulo lake. Ine ndinapotera mawaya a masipika onse anayi pamodzi n'kuwalowetsa mbali imodzi ya ampulifaya. Paja amati mutu umodzi susenza denga. Zoti wofiira apite kofiira, wakuda kwakuda, ndinaziwona ngati zokongoletsa chabe.

Nyimbo itayamba, besi kunalibe. Mawu ake ngati udzudzu uli m'chitini. Ndinakweza. Ndinakwezanso. Alamu anga anafunsa ngati wailesiyo ili ndi chimfine, ine n'kupotoza mpaka pothera.

Kenaka fungo. Mayi a kunyumba anathamangira kumphika poganiza kuti nsima yapserera, koma nsima inali bwinobwino. Utsi unkachokera pa R1,800 yanga, ukukwera mwaulemu ngati wa lubani. Phwii! Zii.

Malume, amene anali atakhala pakona ndi mbale yawo, sanadzuke n'komwe. Anafotokoza uku akutema nsima kuti masipika awiri ndinawalumikiza chozondoka, ndiye pamene ena akukankha mpweya, enawo amakoka, besi n'kumadyana yokhayokha. Chachiwiri, sipika lililonse linali la 8 ohms, muyeso umene ukamatsika ampulifaya imalemedwa kwambiri, ndipo anayi ukawamanga pamodzi chotero amatsika kufika pa 2 ohms. Anatembenuza ampulifaya n'kundilozera kumbuyo kwake, pomwe panalembedwa kuti osatsika pa 4 ohms.

"Unasenzetsa bulu mmodzi ngolo ya ng'ombe zinayi, kenaka n'kumamukwapula. Ndipatsire usipawo."

Phwando linapitirira ndithu. Mwana wa aneba anaika foni m'poto wopanda kanthu, ndipo anthu anavina mpaka 11 koloko, ena n'kumati besi ya potoyo ikumveka bwino kuposa poyamba.

Waya wagolide uja alipobe. Tinamumanga kuchokera pazenera kufika pa mtengo wa pichesi, mayi a kunyumba amayanikapo matewera.