Tsiku Limene Monita Yanga Inagwadira Ankhoswe

Popeza chithunzi cha chibwano changa chafika kale m'magulu atatu a WhatsApp, kuphatikizapo la kwaya imene ine sindiimbamo, ndaona kuti ndi bwino ndifotokoze ndekha zimene zinachitika. Ena akunena kuti ndinagwa pa kabaza ku Chitakale, ena akuti ndinalimbana ndi nyani ku Likhubula, ndipo mnzanga wina amene ndinkamuyesa munthu wanzeru akufalitsa zoti mayi a Chisomo anatopa nane. Zonsezi ndi zabodza. Ndinamenyedwa ndi mkono wachitsulo umene ndinagula ndekha ndi ndalama zanga, ndipo unandimenyera m'chipinda changa chogwiriramo ntchito, makasitomala akuonerera.

Monita ija, sikirini ya kompyuta yanga, mukuidziwa, chifukwa ambiri mwa inu munabwera kudzaiona ngati mwana wobadwa kumene. Ndi ya mainchesi 49, mulitali mwake imatsala pang'ono kukwana mita imodzi ndi masentimita 20, ndipo ili ngati mamonita awiri a mainchesi 27 amene awalumikiza kukhala imodzi. Ndi yopindika ngati nthochi ya ku Thyolo. Kwa munthu wokonza makanema a ukwati ngati ine, chinthu chimenechi ndi mdalitso, chifukwa ndimaona mkwati, mkwatibwi, ankhoswe ndi anthu onse a perekaniperekani nthawi imodzi popanda kutseka china kuti ndione china. Vuto linali miyendo yake. Miyendo imene inabwera nayo inatambalala patebulo lonse, moti kiyibodi ndinkaiika pamiyendo panga, ndipo kapu ya tiyi inkakhala pansi pomwe mphaka ankaiyendera kawirikawiri. Munthu wokhala pakati pa minda ya tiyi kuno ku Mulanje sayenera kumwa tiyi wotsala kwa mphaka. N'chifukwa chake ndinaganiza zogula mkono wopanira kutebulo woti unyamule monitayo m'mwamba.

Pano ndikupempha kuti amene mukundiseka mumve bwino, chifukwa sindinagule mwachimbulimbuli. Ndinawerenga kwa milungu iwiri. Ndinadziwa kuti kumbuyo kwa monita kumakhala mabowo anayi a muyeso wotchedwa VESA, ndipo ambiri amatalikirana mamilimita 75 kapena 100 mbali zonse. Ndinayeza ndi rula ya Chisomo ndipo ndinapeza 100, ndinatsimikizanso kuti masikuluwu ake ndi a saizi ya M4. Ndinadziwa kuti mkono umamangidwa m'njira ziwiri, kaya ndi chopanira chimene chimaluma m'mphepete mwa tebulo, kapena ndi bawuti yodutsa pabowo loboola patebulopo. Ndinadziwanso kuti tebulo la chipibodi, lija la utuchi woumba ndi guluu, limafumbutuka chopanira chikaliluma ndi katundu wolemera, choncho ndinapita kwa kalipentala amene anandikhomera tebulo la matabwa a bulugama ochindikala masentimita 4. Tebulo limenelo mukhoza kupherapo ng'ombe. Ndikufuna mudziwe kuti pa nkhani yonseyi tebulo silinalakwe chilichonse, ndipo amene analisankha ndine.

Chimene ndinachiwerenga mothamanga chinali chimodzi chokha. Pamalo olemba kulemera kumene mkonowo ungathe kunyamula panali nambala 20, ndipo ine nditaona 20 ndinati basi, ngakhale mwana wa Sitandade 1 akhoza kukhalapo. Pambuyo pa nambalayo panali zilembo zitatu zazing'ono, ndipo sindinaziwerenge. Ndinatumiza ndalama kwa alamu anga ku Johannesburg, iwo anagula, katundu anafika pa basi ku Blantyre, ndipo ndinamunyamula pamiyendo mu minibasi kuchokera ku Limbe mpaka kuno ndikumwetulira njira yonse.

Mkono wamtunduwu uli ndi sipuling'i ya gasi m'kati mwake, imene imakankhira m'mwamba pamene monita ikukokera pansi, ndipo mphamvu ziwirizo zikafanana monita imaima pamene mwaisiya. Pali kabawuti kamene mumapotokola ndi kachitsulo kopindika kotchedwa Allen key, mbali ina kuwonjezera mphamvu, mbali ina kuchepetsa. Ine ndinapotokola kumbali yowonjezera mpaka kabawutiko kanakana, kenako ndinamanga mfundo zonse za mkonowo ndi mphamvu zanga zonse mpaka zala zinachita matuza. Monita inaima. Kunena zoona, tsiku lotsatira ndinaipeza itatsika pang'ono, ndipo ndinaikweza ndi dzanja. Tsiku lachiwiri inatsikanso. Sabata imeneyo kunali chiperoni, phiri lonse litabisala m'nkhungu, ndipo popeza ndinawerengapo kuti gasi akazizidwa mphamvu yake imachepa pang'ono, ndinauza mayi a Chisomo kuti monitayo ikungozolowera nyengo ya ku Mulanje. Iwo anangoti, "Chabwino, bambo a Chisomo," ndi mawu aja amene amatanthauza kuti sizili bwino.

Loweruka kunabwera banja latsopano kudzaonera kanema wa ukwati wawo lisanamalize kulipira. Anabwera ndi ankhoswe a kuchimuna, bambo achikulire ovala jekete ndi chipewa, amene anagwira ntchito yaukapitawo pa esiteti ina ya tiyi kwa zaka zambiri. Ndinawakhazika pamipando, ndinakweza monita pamalo pake mwakachetechete, ndipo kanema anayamba. Zonse zinayenda bwino mpaka pamene ankhoswewo anaonekera pa sikirini atanyamula maikolofoni kuti alangize ana awo.

Nthawi imeneyo ndi imene monita inayamba kuwerama. Sinagwe, ndipo ndikanakonda ikanangogwa kuti nkhani ithe msanga. Inayamba ndi kuzyolika nkhope pang'onopang'ono, ngati mkamwini amene wakumana ndi apongozi panjira yopapatiza ndipo alibe kothawira. Kenako mkono wonse unayamba kutsika, mwaulemu, mosapupuluma, ukutulutsa kamawu kotsika ngati munthu wopuma atatula mtolo wa nkhuni. Pa sikirini ankhoswe anali kunena kuti banja ndi kupirirana, ndipo nkhope yawo, imene pa mainchesi 49 inali yaikulu ngati lichero, inali kutsikira kutebulo limodzi ndi malangizo awo. Mitu itatu m'chipindamo inayamba kutsatira. Mkwatibwi anapendeketsa khosi, mkwati anatsetsereka pampando mpaka anapezeka atanjuta pansi kuti asaphonye mawu a amalume ake, ndipo ine ndinaima chilili ndikumwetulira ngati kuti zonsezi zili pa pulogalamu. Ndinafika ponena, ndi pakamwa panga pomwepa, kuti mamonita amakono amatsatira maso a munthu woonera. Palibe amene anandiyankha. Monita inapitiriza ulendo wake, inadutsa pamwamba pa kapu ya tiyi imene ndinaibwezera patebulo monyadira masiku atatu okha m'mbuyomo, inaikankha pang'ono ngati ikupepesa, ndipo pomaliza inagunditsa chipumi chake pathabwa la bulugama n'kukhala chete, itagwada kotheratu pamaso pa ankhoswe. Mawu okha ndi amene ankamvekabe, akulangiza tebulo kuti mkwiyo usamagone m'nyumba.

Ankhoswe anavula chipewa, anaomba m'manja katatu mofatsa, ndipo anati, "Zikomo, zikomo, taona ulemu. Ana a masiku ano sagwada chonchi." Mkwatibwi anabisa nkhope m'chitenje ndipo mapewa ake okha ndi amene ankagwedezeka.

Kenako bambo aja anatola katoni ya mkonowo imene inali pakona, anavala magalasi, anaiyang'ana kwa kanthawi kochepa kwambiri, ndipo anandifunsa kuti, "Mwana wanga, chinthu chako chikulemera bwanji?" Ndinayankha kuti sichingapitirire makilogalamu 20 amene alembedwa pamenepo. Iwo anati, "Apa sanalembe makilogalamu. Alemba mapaundi. Ife tinayamba ntchito masamba a tiyi akuyezedwa pa mapaundi, ndipo paundi imodzi sikwana ngakhale theka la kilogalamu. Mapaundi 20 ndi makilogalamu 9 basi." Milungu iwiri ya intaneti inagonja kwa munthu amene foni yake ndi ya mabatani. Podziteteza ndinganene kuti ine ndinabadwa dziko lino litayamba kale kuyeza shuga, nyama ndi feteleza pa makilogalamu, ndipo palibe mphunzitsi amene anandichenjeza kuti tsiku lina mapaundi adzabwerera kudzandichititsa manyazi m'nyumba mwanga.

Apa munthu wanzeru akanapepesa, n'kuwauza alendo kuti abwere mawa. Ine ndinafuna kuchotsa monitayo nthawi yomweyo kuti ndionetse kuti zinthu ndikuzidziwa. Ndinapempha mkwati kuti agwire monita mbali zonse, ndipo ine ndinaweramira kumbuyo kwake ndi sikuludiraiva. M'katoni muja munali kapepala kokhala ndi chithunzi cha munthu akumenyedwa kunkhope ndi mkono woterewu, ndipo ndikukumbukira bwino kuti tsiku lomanga ndinakaona, ndinaseka, n'kunena kuti azungu amajambula zinthu zopanda pake. Tanthauzo la chithunzicho ndi lakuti musachotse monita mkono uli pansi, chifukwa sipuling'i imakhala itapanikizika, ndipo katundu akachoka imabwerera m'mwamba ndi mphamvu yake yonse. Mkono wanga unali pansi penipeni, sipuling'i ndinali nditaimanga mpaka pamapeto, ndipo chibwano changa chinali pamwamba pake ndendende ngati ndachita kuyeza ndi rula ya Chisomo ija. Sikuluwu yachinayi itangochoka, mkono umene unalephera kunyamula monita kwa masiku atatu unapeza mphamvu zonyamula ine. Ndinamva kuti khu! Mano anawombana, lilime linali pakati, ndipo pawindo ndinaona phiri la Mulanje litatembenuzika, Sapitwa ndi mamita ake 3,002 ataloza pansi. Nditatsegula maso ndinali chagada, mkwati ataima pakati pa chipinda atakumbatira monita ngati mtembo wa ng'ona, akufunsa aliyense kuti aiike pati.

Kuchipatala anandisoka katatu. Namwino anandifunsa chimene chinandimenya, ndipo ndi lilime lotupa ndinayankha kuti ndi mkono. Anafunsa kuti mkono wa ndani, ndinati wanga. Anandiyang'ana, ndipo ndinawonjezera kuti ndinachita kuugula ku Johannesburg. Analemba zinthu zambiri m'buku kuposa zimene ndinanena, kenako anaitanira mayi a Chisomo pambali n'kuwafunsa ngati ndakhala ndikugona bwino masiku ano.

Lolemba, ndili ndi bandeji, ndinakulunga monita m'bulangete n'kupita nayo kwa venda wogula nandolo amene ali ndi sikelo yopachika pamtengo, chifukwa mtima wanga unkafunabe umboni. Sikelo inaonetsa makilogalamu 13. Tonse tikudziwa mmene masikelo a mavenda amaonera zinthu, choncho ndinawonjezerapo imodzi m'mutu, ndipo nditafika kunyumba ndinapeza kuti katoni ya monitayo, imene mayi a Chisomo amasungiramo zofunda, inalembedwa pambali ndi manambala aakulu kuti popanda miyendo imalemera makilogalamu 14. Venda uja anandifunsa ngati ndikugulitsa pa kilo.

Makilogalamu 14 pa mkono wa makilogalamu 9 ndi mlandu wokwanira, koma palinso china chimene ndachimvetsa ndili chigonere. Monita yopindika siilemera ngati yafulati ngakhale sikelo itanena nambala yofanana. Yangayi ndi yopindika pa muyeso umene amautcha 1000R, kutanthauza kuti ikanapitirira kuzungulira ikanapanga bwalo lotalika mita imodzi kuchokera pakati kufika m'mphepete. Mapiko ake amabwera kutsogolo, motero kulemera kwake kumakhala kutali ndi pamene mkono wagwira, ndipo kumakoka mfundo yakumutu kuti izyolike. Aliyense amene anatungapo madzi akudziwa kuti ndowa yoikumbatira pachifuwa ndi ndowa yoinyamula mkono utatambasuka ndi ndowa ziwiri zosiyana. N'chifukwa chake monita yanga inayamba ndi kuweramitsa nkhope isanagwade. Mkono woyenera uyenera kukhala wa gulu lija lonyamula kuyambira makilogalamu 9 mpaka pafupifupi 20, wokhala ndi mutu wolimba wopangidwira mamonita opindika, ndipo kulemera kwa monita kuzikhala pakati pa malirewo, osati kumapeto. Malire a pansi nawonso ndi ofunika, chifukwa monita yopepuka pa mkono wamphamvu imangokwera kudenga. Ndaupeza mkono woterowo, ndaona mtengo wake, ndawerengera kuti ndi mbuzi zingati, ndipo ndatseka foni.

Mnzanga wowotcherera zitsulo pa Chitakale wandiuza kuti ndimupatse tsiku limodzi andiwotcherere chitsulo kukhoma chimene sichidzagwadira munthu aliyense mpaka kalekale. Ndamuuza kuti ndiganize kaye, chifukwa nyumbayi ndi ya lendi. Pakali pano monita yabwerera pa miyendo yake yakale, kiyibodi yabwerera pamiyendo panga, ndipo mphaka wabwerera ku tiyi. Mkono uja udakali wopanidwa kutebulo, utaloza kudenga, ndipo mayi a Chisomo apeza kuti ndi wabwino kupachikapo chikwama cha Chisomo cha kusukulu, chimene ndachiyeza ndipo ndi makilogalamu 3. Banja lija silinabwerebe kudzamaliza kulipira, koma dzulo ankhoswe anatuma mwana kudzafunsa ngati mnyamata waulemu uja wadzuka bwanji, ndipo mpaka pano sindikudziwa ngati ankanena ine.