Mbiri ya moyo wanga, gawo la 14: Zaka za Georgetown ndi envelopu ya amalume

Ndiyambe ndi kuthokoza nonse amene munalemba pansi pa gawo lapita lija, makamaka mayi amene anandikumbutsa kuti ndinalonjeza kufotokoza chifukwa chimene chithunzi cha timu ya basketball ya Georgetown chidakapachikikabe pabalaza panga, chikhalirecho sindinaphunzireko pa yunivesite imeneyo ngakhale tsiku limodzi. Msuweni wanga uja, amene nonse mukumudziwa tsopano, analembanso kuti ku America ndinkangoonera mpira m'malo mowerenga, ndipo anakumbanso nkhani ya ndalama za malata. Msuweni, lero ndiyankha zonse ziwiri, chifukwa kwa ine ndi nkhani imodzi.

Mukukumbukira kuti ndinafika ku Washington mu 1981 n'kumakhala kwa amalume, masana kusukulu, usiku kutsuka mbale pa lesitilanti ija. Chaka chomwecho ku Georgetown, yunivesite ya mumzinda womwewo, kunafika mnyamata wamtali kwambiri, Patrick Ewing, wobadwira ku Kingston m'dziko la Jamaica. Mphunzitsi wa timuyo anali John Thompson, mwana wa mumzinda wa Washington, chimunthu chopitirira mamita awiri, amene sankalowa m'bwalo popanda thaulo loyera paphewa. Anailandira timuyo mu 1972 itangopambana masewero 3 n'kugonja 23, ndipo patebulo la mu ofesi yake pankakhala mpira wophwa, wokumbutsa anyamata ake kuti tsiku lina mpira udzawathera, choncho asanyozere sukulu. Zonsezi anandiphunzitsa ndi mnzanga wa ku Ethiopia uja, amene anaika kawailesi ka kanema pamwamba pa firiji kukhitchini.

Mu Malichi 1982 amalume anandipatsa envelopu ya ndalama zimene anasonkhanitsa miyezi yambiri kuti agogo akafolere nyumba ndi malata, n'kundituma kuti ndikaipereke kwa munthu amene ankanyamuka ulendo wa kumudzi. Ndinaiika m'thumba la mkati la jekete, ndinakwera basi, ndipo chifukwa cha kutopa kwa ntchito ya usiku ndinagona. Potsika, envelopu munalibe. Ndinabwerera wapansi msewu wonse maso ali pansi, ndinadikira mabasi atatu a njira yomweyo n'kumasuzumira pansi pa mipando anthu akundiyang'ana, kenako ndinakhala pabenchi mpaka mdima chifukwa miyendo inkakana kulowera kunyumba. Amalume sanandikalipire. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, anazimitsa ndudu yawo, n'kunena kuti, "Iwe, mayi ako anandiuza kuti ndiwe mwana wokhulupirika. Longedza." Ndinagwada, ndinalumbira, ndinatulutsa matumba onse kuti aone, koma iwo analowa kuchipinda n'kutseka chitseko. Kalata imene inapita kumudzi inati ndadya ndalama, ndipo ndi kalata imeneyo imene inu msuweni mukuiwerengabe mpaka lero. Ndalamazo sindinadye.

Patangopita masiku ochepa, pa 29 Malichi, ndikugona pansi m'chipinda cha mnzanga uja, Georgetown inakumana ndi North Carolina mu ndime yotsiriza ya chikho cha mayunivesite onse ku New Orleans, pamaso pa anthu oposa 61,000. Tinaonera kukhitchini, manja ali ndi thovu. Itatsala pafupifupi mphindi imodzi, Sleepy Floyd anachinya ndipo Georgetown inatsogola 62 kwa 61, koma mnyamata wa chaka choyamba dzina lake Michael Jordan anabweza, zinthu n'kukhala 63 kwa 62. Nthawi yochinyiranso inalipo. Fred Brown wa Georgetown anabwera ndi mpira mpaka kudutsa pakati pa bwalo, anaima, anaona munthu kudzanja lake lamanja, n'kumupatsira bwinobwino. Munthuyo anali James Worthy wa North Carolina. Panalibe amene anamulanda kapena kumukankha. Anapereka yekha chikho m'manja mwa mdani dziko lonse likuona.

Kukhitchini anthu anatukwana, wina anamenyetsa poto pansi, koma ine maso anga anali pa Thompson. Masewero atatha, bambo uja sanapite kaye kwina kulikonse. Anamupeza Brown, anamukumbatira ndi manja ake aakulu aja, n'kuweramira kukhutu kwake akumuyankhula, mnyamatayo nkhope ili pachifuwa pake. Ndinatuluka kuseri kumene tinkataya zinyalala ndipo ndinalira kulira kumene sindinalire tsiku limene ndinathamangitsidwa. Ndinkadziwa kulemera kwa manja a Brown usiku umenewo, chifukwa anga analinso chimodzimodzi, kungoti ine panalibe wondigwira.

Kuchokera pamenepo timuyo ndinaitenga ngati ya kwathu, ndipo ndikapeza kangachepe ndinkapita ku Capital Centre ku Landover, bwalo limene timuyo inkasewererako, n'kukhala mipando ya pamwamba penipeni. Amene amati kumeneko kunali kutaya nthawi sakudziwa zimene anyamata aja ankakumana nazo. Mu 1983 otsatira matimu ena ankanyamula zikwangwani zonena kuti Ewing sadziwa kuwerenga, pena anamuponyera khoko la nthochi, ndipo ku Providence Thompson anatulutsa timu yake m'bwalo mpaka chikwangwani chitachotsedwa. Ife otsuka mbale, amene tinkafunsidwa tsiku ndi tsiku ngati kwathu timagona m'mitengo, tinkaona munthu wakuda akuteteza ana ake poyera, osapepesa kwa aliyense. Atolankhani ankadandaula kuti amabisa osewera ake ndipo ndi waukali, koma ine ndinkati ndi mmene nkhuku imachitira kabawi akamazungulira.

Zaka ziwiri zinatha ndikubweza ngongole pang'onopang'ono kudzera mwa akazi a amalume, amene sanasiye kundilonjera.

Mu 1984 timu ija inali itakhwima. Mu semifainolo Kentucky inatsogola chigawo choyamba, koma chigawo chachiwiri inaponya mipira 33 n'kulowetsa itatu yokha, ndipo Georgetown inapambana 53 kwa 40. Sindinaonenso kutchinga kotere. Pa 2 Epulo ku Seattle anakumana ndi Houston ya Akeem Olajuwon wa ku Nigeria, ndipo kukhitchini kunagawikana. Anzanga a ku West Africa anandinena kuti ndikukana m'bale wanga wa mu Africa, ndipo ndikuvomera kuti mawuwo anandilasa, koma ine ndinali ndi mangawa kwa Fred Brown, amene anali atabwerera m'bwalo atavutika ndi bondo. Georgetown inapambana 84 kwa 75, Reggie Williams atachinya mapointi 19, ndipo Thompson anakhala mphunzitsi wakuda woyamba kutenga chikhochi, ngakhale iye sankakondwera ndi mawu amenewo, ponena kuti analipo ena anzeru m'mbuyomo amene anangomanidwa mwayi. Brown akutuluka m'bwalo chakumapeto, Thompson anamukumbatiranso monga anachitira ku New Orleans.

Sabata yomweyo ndinatenga ndalama zotsala n'kupita nazo ndekha kwa amalume. Anawerenga kawiri, anaziika m'thumba la malaya, n'kundifunsa ngati ndadya. Sananene kuti anandiganizira molakwa, ndipo kalata ina yokonza ija sinapite kumudzi. Ndikulemba izi popanda kuwanyoza, poti anagona kale ndipo ndi iwo anandilipirira ndege, koma msuweni, mukanafunsa akazi awo akadali moyo akanakuuzani kuti malata amene munakulira pansi pake aja ena ndinagula ndi manja otsuka mbale.

Pa 1 Epulo 1985, chaka chotsiriza cha Ewing, Georgetown inafikanso ndime yotsiriza kachitatu m'zaka zinayi, ndipo aliyense ankati Villanova, imene anali ataigonjetsa kale kawiri chaka chimenecho, siingalimbe. Akazi a amalume anandiitana kuti ndikaonere kwawo. Villanova inaponya mipira 28 n'kulowetsa 22, ndipo inapambana 66 kwa 64. Pambuyo pake ku Georgetown kunabwera Alonzo Mourning ndi Dikembe Mutombo wa ku Zaire, koma chikho sichinabwererenso, ndipo Thompson anasiya ntchito mu 1999 n'kumwalira mu Ogasiti 2020.

Usiku wa Villanova uja amalume, amene sankadziwa ngakhale lamulo limodzi la basketball, anakhala pampando wawo mpaka masewero kutha. Ataona kuti ndangoti zii kuyang'ana kanema, anadzuka, anazimitsa, n'kuima pambali panga kanthawi. "Kunja kwada, iwe," anatero. "Ugone konkuno. Chipinda chako chija mulibe munthu."