Mtengo umene unandivula nsapato

Masewera a disc golf amatsata malamulo ofanana ndi a gofu, koma m'malo momenya kampira ndi ndodo, munthu amaponya chimbale cha pulasitiki kuti chikagwere m'dengu lachitsulo, limene pamwamba pake pamalendewera maunyolo oimitsa chimbalecho chikafika ndi liwiro. Amene anapanga dengu lotereli ndi Ed Headrick, yemwenso anakonza bwalo loyamba lokhazikika la masewerawa ku Oak Grove Park, ku California, mu 1975. Amapambana ndi amene wamaliza madengu onse, kawirikawiri 18, ataponya kochepa kuposa anzake. Pabwalo lopanda mitengo mumapikisana anthu okhaokha, koma m'nkhalango mitengo nayonso imalowa m'masewerawo, ndipo sindinamvepo kuti inagonja.

Mnzanga wina amene masewerawa anamulowa m'magazi ananditengera ku bwalo lina la m'nkhalango limene ankalitama mosalekeza, n'kundipempha kuti tikamaliza ndipereke chigamulo changa mosakondera. Ndinavomera, ndipo ndinanyamula zimbale zonse zofunika: driver yakuthwa m'mbali yoponyera patali, mid-range yapakatikati, ndi putter yolowetsera m'dengu.

Madengu oyambirira anandigwira mtima. Poponyera panali simenti yosaterera, yotalika mokwanira kuti munthu atenge liwiro asanaponye, ndipo chikwangwani chinkasonyeza mtunda ndi komwe kuli dengu. Choposa zonse n'chakuti pakati pa mitengo pankaoneka mpata. Ubwino wa bwalo la m'nkhalango wagona pamenepa, chifukwa wolikonza ayenera kusiya njira, ngakhale yopanikiza, yoti wodziwa kuponya adutse ndipo wophonya alangidwe. Koma mitengo ikangoti gwa paliponse, katswiri ndi wophunzira amafanana, onse amangodalira mwayi.

Pa dengu lachisanu ndi chiwiri panali mtengo waukulu wokhomedwa muvi, umene osewera amati mando, kutanthauza kuti chimbale chiyenera kudutsa mbali imene muviwo waloza basi. Muviwo unaloza kumanja. Tsono chimbale choponyedwa ndi dzanja lamanja mwa njira yotchedwa backhand, imene kumbuyo kwa dzanja ndi kumene kumatsogola, chimakhotera kumanzere mphamvu ikamatha, ndipo changa chinasunga mwambo umenewu mokhulupirika: chinanyamuka bwinobwino, chinakhota, n'kukakhala pamphanda ya mtengo womwewo, pamwamba poti munthu sangafike ngakhale atadumpha.

“Achimwene, musavutike,” anatero mnzangayo. “Lamulo lolanga chimbale chokodwa pamwamba kupitirira mamita awiri limagwira ntchito pokhapokha akalilengeza. Ikani chizindikiro pansi pakepo, muponye china.”

Malangizowo anali olondola, koma sanakhudze nkhani ya ine mwini chimbale, amene ndinali nditalembapo dzina langa kunsi. Ndinatenga mid-range n'kugenda nayo chimbale chokodwacho, chimene chinali driver ija, ndipo mtengowo unalandira mid-range ija ndi manja awiri. Ndinafunafuna mwala kapena chikuni, koma osamalira bwalolo anali atasesa njira yonse moti panalibe chotola, ndipo pa ukhondo umenewu ndikuwapatsa ulemu wawo ngakhale kuti ndi umene unandipweteketsa. Kenaka ndinawerengera mwanzeru kuti, popeza malamulo a PDGA, bungwe loyendetsa masewerawa, salola chimbale kulemera kupitirira magalamu 200, nsapato yanga, imene inali yolemera kuposa pamenepo, ikanagwetsa zonse ziwiri nthawi imodzi. Masamuwo anatheka theka lokha. Mid-range inagwa, driver sinasunthe n'komwe, ndipo zingwe za nsapato zinazungulira nthambi n'kudzimanga mfundo imene ine mwini sindinaimangepo chigulireni nsapatoyo. Mnzanga anakhala pansi n'kuseka mpaka misozi, kwinaku akundifunsa ngati ndikufuna kuyesanso ndi inzake kuti zikhale pamodzi.

Madengu otsalawo ndinawasewera ndi nsapato imodzi, ndipo ndikulimbikira kunena kuti palibe woweruza amene analiyeza bwalolo mozama kuposa phazi langa lamanzere. Linapeza kuti m'njira zoponyeramo ndi mosalala, koma mukangopatuka pang'ono muli minga, ziyabwe ndi zitsa zodulidwa mosongoka zobisika m'masamba. Tchire loterolo limameza zimbale, pamene malamulo amangopereka mphindi zitatu zofufuzira chimbale chotayika munthu asanawonjezeredwe chilango. Kulanga wophonya n'koyenera, koma kumulanda katundu ndi khungu lomwe n'kupyola malire.

Vuto lina linaonekera titadutsa dengu lachisanu ndi chinayi, pamene mivi yolozera ku dengu lotsatira inangotheratu. Tinatsata kanjira kamene kankaoneka kopondedwa kwambiri, ine ndikutsimphina m'mbuyo, ndipo tinakatulukira pa dengu la nambala 14 pakati pa gulu lina la osewera, amene anayang'ana nkhope yanga, kenaka sokosi yanga, osafunsa kanthu. Chodabwitsa n'chakuti pafupi ndi madengu ndinaponya bwino kuposa kale lonse. Mkati mwa mamita 10 kuchokera pa dengu, lamulo silimalola munthu amene waponya kupondera kutsogolo asanaonetse kuti waima bwinobwino, ndipo sokosi ikamira m'matope, lamulolo limasungika lokha.

Chigamulo ndinapereka motere: kakonzedwe ka njira n'kaluso, poponyera m'pabwino, madengu ngolimba, koma tchire likufunika chikwanje ndipo theka lachiwiri likufunika zikwangwani. Mnzanga anadandaula kuti woweruza wovulala sagamula mwachilungamo, choncho tinapita kwa bambo wina wosamalira bwalolo kuti atithandize za nsapato. Ndinayamba kufotokoza mwaulemu kuti, “Pepani bambo, pa dengu lachisanu ndi chiwiri paja,” koma ndisanamalize iwo anali atanyamula kale ngowe yaitali imene inatsamira pakhoma, n'kundifunsa kuti yanga ndi yakuda ija kapena yofiira, chifukwa yofiirayo mwini wake analonjeza kudzaitenga Loweruka.