Ma chaps anga afika pa kalamba ka kutsogolo

Ndikusoka ma chaps, chovala chachikopa chimene okwera hatchi amavala pamwamba pa buluku kuti chiteteze miyendo. Miyendo yake yonse iwiri ndadula, ndipo sabata ino ndamaliza kusoka mbali ya m'chiuno. Ndinasankha mtundu wa batwing, wotambalala m'munsi, womangidwa pa ntchafu pokha kuti bondo lizipinda momasuka komanso mpweya uzilowa. Mtundu wa shotgun, wowongoka uja umene ma cowboy a ku Texas, abusa a ng'ombe oyenda pa hatchi, ankavala kwambiri m'ma 1870, ndimausirira ndithu, koma umatentha.

Zikopa ndagwiritsa ntchito ziwiri. Cha m'miyendo ndi chofewa, chofufutidwa ndi mankhwala a chrome, chosauma gwa chikanyowa ndi mvula. Cha m'chiuno ndi chofufutidwa ndi makungwa a mitengo, chifukwa ndicho chimalola kudinda maluwa. Ndimachinyowetsa ndi siponji, n'kudikira mpaka mtundu wake utayamba kubwerera, chikadali chozizira ndikachigunditsa pa tsaya. Pamenepo chitsulo chodindira chimalowa bwino ndipo duwa silifufutika. Posoka ndimagwira masingano awiri ndi ulusi wopaka phula, bowo lililonse ulusi kudutsa kawiri, kuti wina ukaduka wina ugwirebe.

Chovalachi anachiyamba ndi abusa a ng'ombe a ku Mexico, ma vaquero. Poyamba ankangokoleka zikopa zazikulu pa chishalo n'kufunditsa miyendo polowa m'tchire la minga, kenako anayamba kuzimanga m'chiuno. Kumwera kwa Texas minga ya mtengo wa mesquite imang'amba buluku ndi mnofu womwe. Kumpoto kozizira, ku Montana ndi Wyoming, ankavala za ubweya wa mbuzi za angora.

Chimene chandigwira mtima ndi kalamba ka kutsogolo, kolumikiza miyendo iwiriyo pansi pa mchombo. Dzanja limafuna kuika lamba wochindikala, poti china chilichonse pa chovalachi n'cholimba. Ayi. Kutsogolo kwa chishalo cha cowboy kuli nyanga yokulungapo chingwe. Hatchi ikalusa n'kumuponya munthu kutsogolo, lamba akhoza kukodwa pa nyangayo, munthu n'kutsala lende hatchi ikudumphabe. N'chifukwa chake osoka ambiri amaikapo kachingwe kachikopa kopyapyala, koti kaduke munthu agwe pansi. Inenso ndadula kotero, ndakasoka ndi mfundo zochepa, ndipo sindikawonjezera ngakhale anzanga akuti kakuoneka konyozeka.

Kwatsala timalamba ta pa ntchafu ndi mabatani a siliva a m'mbali. Mphonje sindinaganize bwino. Pa batwing ndikuona kuti m'mphepete mosalala ndimo mukuyenera.