Ndinagulitsa mbande ndisanafese njere ndi imodzi yomwe

Fomu yofunsira malo pa maphunziro oyambitsa bizinesi yaulimi inali ya masamba atatu okha, koma funso limodzi linandigoneka mochedwa: "Kodi katundu wanuyo adzagula ndani?" Panali patatha chaka chimodzi chimalizireni digiri yanga ya zaulimi. Kuyeza asidi wa m'dothi ndinkatha, mayina a Chilatini a tizilombo ta phwetekere ndinkawatchula mosadodoma, koma pamzere umenewo ndinangolemba kuti "alimi". Ndinkaona ngati ndayankha bwino.

Tsiku lofunsidwa mafunso patebulo panali anthu atatu. Mmodzi anali mayi wachikulire amene wakhala zaka zambiri akuyendetsa nazale yake ya mbande. Anawerenga fomu ija, n'kundiyang'ana. "Mwanangu, alimi ake ati? Tanditchulireni mmodzi yekha amene mwacheza naye." Ndinalibe woti n'kumutchula, ndipo ndinavomera kuti ndilibe. Malo anandipatsabe. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti chinandithandiza n'chakuti sindinaname.

Maphunzirowo anali a miyezi 6, okonzedwera ife omaliza sukulu ya zaulimi amene tikufuna kuyamba bizinesi yathuyathu m'malo momangodikira kulembedwa ntchito. Njira imeneyi si yachilendo. Ku Porto-Novo m'dziko la Benin kuli malo a Songhai, amene wansembe Godfrey Nzamujo anayambitsa mu 1985, kumene achinyamata amaphunzira ulimi akugwira ntchito ndi manja awo pafamu yomwe ikuchitadi malonda. Bungwe lofufuza zaulimi la IITA nalonso linayambitsa gulu la achinyamata ochita bizinesi zaulimi ku Ibadan, ku Nigeria, mu 2012. Athu anali aang'ono poyerekeza ndi amenewa, koma mzimu wake unali womwewo: pepala la kusukulu lisiye kaye m'chikwama, upite ukaone ngati pali munthu woti angakupatse ndalama yake.

Mwezi woyamba sitinagwire khasu. Aliyense anatumidwa kukacheza ndi anthu 30 amene akuganiza kuti angadzakhale makasitomala ake, ndipo lamulo linali loti tisawauze zomwe tikufuna kugulitsa. Poyamba lamuloli linandinyansa, koma chifukwa chake ndinachimvetsa msanga. Ukamufunsa munthu kuti "kodi mungagule?" amakuyankha kuti inde pofuna kukusangalatsa. Ukamufunsa kuti nyengo yathayi anataya ndalama pati, amayamba kufotokoza zenizeni, nthawi zina mpaka kukugwira dzanja kukakuonetsa.

Ine ndinapita ndi maganizo olima phwetekere m'shedi ya pulasitiki. Alimi amene ndinacheza nawo analibe nazo ntchito zimenezo, iwowo phwetekere amalima kale. Dandaulo lomwe linkabwerabwera linali la nazale. Munthu wagula mbewu ya haibulidi yodula, yowerengedwa njere imodziimodzi, wafesa pabedi pansi, ndiye mvula yamphamvu yaikokolola, nkhuku zapalasa, zina zamera n'kuola. Zotsalazo pozula mizu imaduka, akaziwokera zimafota masiku angapo zisanagwire. Bambo wina anandionetsa paketi yopanda kanthu imene anaisunga m'thumba la malaya, n'kundiuza kuti pa mbewu yonseyo sanawokere ngakhale theka. Pobwerera tsiku limenelo maganizo a shedi ya phwetekere ndinali nditawataya. Ndinaganiza zofesa mbande m'mathireyi n'kumagulitsa kwa alimi omwewo.

Mwezi wachiwiri unali wa masamu, ndipo apa mpamene ambiri a ife tinatuluka thukuta. Kusukulu tinaphunzirapo kuwerengera phindu la pahekitala, koma zinali za mayeso, manambala ochita kupatsidwa. Apa aliyense ankayenera kupita yekha kwa ogulitsa kukafunsa mtengo weniweni wa chilichonse, n'kugawa ndalama zake pawiri: zomwe zimatuluka kaya wagulitsa kaya sunagulitse, monga lendi ya malo, neti ndi thanki ya madzi, ndi zomwe zimakwera malinga ndi kuchuluka kwa katundu, monga mbewu, dothi lofeseramo ndi mayendedwe. Mphunzitsi atayang'ana pepala langa anafunsa kuti malipiro anga ali pati. Ndinati ine ndine mwini, sindidzilipira. Anandiuza kuti ndiwalembe basi, chifukwa bizinesi imene imaoneka yaphindu pokhapokha mwini wake akugwira ntchito yaulere idzagwa tsiku limene adzadwale n'kulemba waganyu. Nditawalemba, phindu langa lija linachepa kwambiri moti ndinakhala chete kwa kanthawi.

Chinanso chomwe ndinali nditalakwitsa ndi thireyi. Thireyi ya mabowo 200 ndinaiwerengera ngati mbande 200. Anatiuza kuti tiyese kaye kameredwe ka mbewu: kuwerenga njere 100, kuziika papepala lonyowa, kuzisunga pamalo ofunda, n'kuwerenga zomera bwino pakatha masiku 14. Zanga zinamera 88. Ukachotsaponso zofooka ndi zopindika zomwe sungapatse kasitomala, thireyi ija imatsika ndithu, ndipo mtengo wa mbande imodzi uyenera kusenza zonse zotayikazo. Mathireyi enieniwo amathanso, neti imang'ambika, choncho mtengo wake umagawidwa pa nyengo zomwe zidzagwire ntchito.

Koma phunziro limene linandisintha kwambiri linali kalendala ya ndalama. Tinajambula masabata pakhoma, pansi pa sabata iliyonse n'kulemba zotuluka ndi zolowa. Mbande ya phwetekere imakhala m'thireyi masabata 4 mpaka 6 isanapite kumunda. Ndiye kuti ndalama zanga zonse zimatuluka sabata yoyamba, ndipo palibe imene imalowa mpaka sabata yachisanu, mwinanso kupitirira ngati kasitomala wanena kuti adzalipira akakolola. Papepala la phindu bizinesi inkaoneka yamoyo, koma pakalendala inkafa sabata yachitatu, pamene ndinalibe yolipirira madzi. Kuwonjezera apo, mbande si thumba la feteleza loti ungalisunge m'nyumba kudikira wogula. Ikapitirira msinkhu imatalika, mizu imapotana m'bowo, ndipo palibe mlimi wanzeru amene angaitenge.

Miyezi iwiri yotsatira anatitumiza kwa anthu amene akuchita kale bizinesi yofanana ndi yathu. Ine ndinagwera kwa mayi aja a patebulo. Ankandidzutsa m'mamawa kukatsuka mathireyi ndi madzi a klorini, kusefa dothi losakaniza ndi mankhusu a mpunga owotcha, n'kufesa njere imodzi pabowo lililonse ndi kamtengo konyowetsa kunsonga. Anandipatsa mathireyi 10 oti ndiwasamale ndekha.

Sabata yachiwiri ndinalowa m'shedi m'mawa n'kupeza timbande tagonagona m'mathireyi atatu. Nditatola kamodzi ndinaona kuti patsinde, pomwe pamakhudza dothi, paonda ngati ulusi ndipo pachita bii, pamene masamba ake akadali obiriwira. Matendawa ndinkawadziwa, ndinayankhapo funso lake pamayeso: amayamba ndi tizilombo ta m'dothi monga Pythium ndi Rhizoctonia, timene timakonda chinyontho chambiri ndi malo osapita mphepo. Chimene sindinkadziwa n'chakuti ndine ndinkatiitana. Ndinkathirira madzulo aliwonse ndi kheni yodzaza, poopa kuti mbande zingagone ndi ludzu, ndipo zinkachezera usiku wonse m'dothi lonyowa. Mayi aja sanandikalipire. Ananyamula thireyi imodzi n'kundipatsa m'manja, kenako ina youmirapo. "Mwamva kusiyana kwake? Muzithirira m'mawa, ndipo musanathirire muziyamba mwanyamula." Kenako anandiuza kuti ndikalembe mathireyi atatuwo m'buku langa la ndalama ngati zotayika, ndi mtengo wake wonse. Kulemba nambala imeneyo kunandipweteka kuposa kutaya mbandezo.

Kumeneko ndinaphunziranso kusaseweretsa chitseko cha neti chotchinga tizilombo kuti tisalowe m'shedi. Ntchentche zoyera zimafalitsa vairasi yopiringiza masamba a phwetekere, ndipo mbande ikhoza kuchoka m'nazale ikuoneka yabwino, matenda n'kukaonekera kumunda kwa kasitomala. Zikatero dzina lako ndi limene limaipa. Ndinaphunzira kukhwimitsa mbande sabata yomaliza, kuchepetsa madzi n'kumazizoloweza dzuwa pang'onopang'ono, kuti zisakadzidzimuke kumunda.

Za mapepala sindichulutsa. Ndinalembetsa dzina la bizinesi, ndinatenga nambala ya msonkho, ndinatsegula akaunti yakeyake kubanki kuti ndalama ya mbande isamasakanikirane ndi ya m'thumba mwanga, ndinagula buku la malisiti. N'zotopetsa, pali mizere yoti uime, koma zimatha. Amene akufuna kugulitsa mbewu kapena mankhwala ayenera kufunsanso za ziphaso, chifukwa zinthu zimenezi zili ndi malamulo akeake.

Mwezi womaliza tinakaima pamaso pa obwereketsa ndalama, aliyense mphindi zochepa zofotokoza bizinesi yake. Ndinali nditakonzekera kupempha ngongole yaikulu yomangira shedi yamakono. Anandifunsa za chikole, ndipo ndinalibe malo kapena nyumba ya m'dzina langa. Apa ndiye pamene ndimaona kuti maphunziro otere amatsimphina. Amatiphunzitsa bwino, koma wachinyamata amene wangotuluka kumene sukulu alibe chikole, ndipo wopanda malo olima amatha kumaliza miyezi yonse 6 n'kubwerera kukakhala pakhomo ndi pulani yabwino m'manja. Anzanga ena aluso kuposa ine anathera pomwepo, ndipo zimandiwawa. Ndimaonanso kuti ntchito yocheza ndi makasitomala ija ikanamayamba tikadali kuyunivesite, chaka chachitatu, anthu sakanamataya chaka chathunthu ngati mmene ndinatayira ine.

Ngongole ija sinatheke. Usiku umenewo ndinatsegulanso kope langa la mwezi woyamba, muli mayina 30 aja, n'kuyamba kuwaimbira mmodzimmodzi. Ndinkawauza zoona zokhazokha: ndikufuna kukufeserani mbande, munene mtundu ndi tsiku limene mukufuna kuwokera, mulipire theka tsopano, theka linalo podzatenga. Ambiri anati aganize kaye. Ena anati adzagula akadzaziona. Mayi aja anali atandichenjeza kale kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo, choncho amenewo sindinawafesere. Anthu 7 analipira. Ndalama yawoyo ndi imene inagula mbewu ndi dothi, mathireyi ndinabwereka kwa mayi aja, ndipo shedi yoyamba ndinamanga ndi mitengo ndi neti pakamalo kobwereka pafupi ndi madzi. Pakalendala ija, sabata yachitatu inali isakufanso.

Woyamba kudzatenga anali bambo aja a paketi yopanda kanthu. Anafika m'mawa dzuwa lisanatenthe, n'kuima pakhomo la shedi kudikira kuti ndiwatsegulire. Sanafunse za digiri yanga. Anasankha thireyi ya pakati, osati yomwe ndinawaikira kutsogolo, anakankha pansi pa bowo limodzi ndi chala, mbande n'kutuluka yonse ndi dothi lake, mizu yoyera itakulunga mbali zonse. Anaitembenuza kawiri, anainunkhiza, n'kuibwezera m'bowo mwake mosamala. Atawerenga ndalama yotsala ija anandifunsa kuti, "Achemwali, kabichi mumafesanso?" Ndinawauza kuti ayambe anena tsiku limene akufuna kuwokera, ndipo ndinatenga buku la maoda kuti tiwerengere masabata chobwerera m'mbuyo.