Setifiketi yathu ya ukwati itawonongeka ndi madzi ku Kanyama

Madzi analowa m'nyumba usiku wa Lachinayi mu Januwale, tili m'tulo. Amene amakhala ku Kanyama, kuno ku Lusaka, akudziwa mmene zimakhalira. Pansi pa dera lathu pali mwala, malo ndi athyathyathya, ndiye mvula ikagwa masiku awiri otsatizana madzi amasowa kolowera. Tinakwanitsa kukweza matiresi, TV ndi thumba la ufa, koma sutikesi imene inali kunsi kwa bedi tinaiiwala. Ndinaitsegula patapita masiku atatu, itayamba kale kununkha nkhungu. Ma NRC athu, ziphaso za unzika zija, anapulumuka chifukwa timayenda nawo m'zikwama. Setifiketi ya ukwati ndi imene inapita. Mawu osindikizidwa ndi makina ankawonekabe, koma zonse zolembedwa pamanja, mayina athu, tsiku, siginecha ya abusa ndi za mboni, zinali zitasungunuka n'kusanduka mabala a buluu. Nditayesa kuifunyulula inang'ambika pakati.

Ndinalira pang'ono, kenako ndinaiyanika pawindo n'kuiyika m'pulasitiki. Tinati tidzaziwona mvula ikatha.

Sizinadikire kuti mvula ithe. Mu Febuluwale bambo a kunyumba anayamba ntchito pa kampani ina ya zomangamanga. Kuwonjezera pa NHIMA, inshuwalansi ya zaumoyo ya boma, imene wantchito amadulidwa 1 peresenti ya malipiro ndipo bwana amaikapo 1 peresenti inanso, kampaniyo ili ndi inshuwalansi yakeyake ya zachipatala. Anawapatsa masiku 30 oti alembetse mkazi ndi ana. Za ana zinali zosavuta, koma za ine ankafuna umboni wa ukwati. Pa nthawiyo ndinali ndi pakati pa miyezi 6, ndipo ku sikelo anali atandiuza kale kuti BP yanga ikufunika kuyang'aniridwa. Bambo anabwera madzulo nkhope ili gwa. "Amayi ake mwana, akufuna setifiketi. Titani?" Ndinawauza kuti iwo asajombe kuntchito yatsopano, nkhaniyi ndiiyendera ine.

Chimene chinandikhazika mtima pansi ndinachimva kwa mlembi wa mpingo wathu. Ukwati wathu unali wa lamulo, umene uli pansi pa Marriage Act, Chapter 50 ya malamulo a Zambia. Tisanakwatirane tinakapereka notisi ku Civic Centre pa Independence Avenue, mayina athu anakhala pa bolodi masiku 21, ndipo tinayenera kumanga ukwati miyezi 3 isanathe. Tsiku la ukwati, setifiketi imalembedwa makope awiri pamaso pa mboni zosachepera ziwiri. Kope limodzi limapatsidwa kwa akwati, lina limapita kwa registrar wa maukwati. Choncho chimene chinanyowa kwathu chinali pepala lathu lokha, ukwati weniweniwo unali wolembedwabe m'kaundula. Ndinkadziwa kuti tinasaina kangapo tsiku lija, koma ndi chisangalalo cha ukwati ndani amafunsa kuti mapepala enawo akupita kuti?

Lolemba m'mawa ndinakwera minibasi pa Los Angeles Road mpaka ku City Market, n'kukwera ina yopita ku Independence Avenue. Ku ofesi ya maukwati ndinapereka pulasitiki ija. Mayi amene anandilandira anaiyang'ana n'kupukusa mutu. "Amayi, pepani. Mukukumbukira tsiku ndi tchalitchi?" Anafuna tsiku la ukwati, dzina la tchalitchi, mayina athu onse monga mmene alili pa NRC, ndi nambala ya setifiketi ngati ikuwoneka. Mwamwayi nambalayo inali yosindikizidwa pakona, madzi sanaifufute. Ndinalemba pempho la kope lotsimikizidwa, ndinalipira, ndipo anandipatsa risiti. Anati afufuza m'mabuku a chaka chimenecho, ndidzabwerenso. Wina amene setifiketi yake yatayikiratu, osati kuwonongeka ngati yanga, ayambire kupolisi kukatenga lipoti, chifukwa alibe chowonetsa. Ndipo amene anakwatirana kutali ndi Lusaka akhoza kukafunsa ku Kundalila House pa Dedan Kimathi Road, msewu womwewo wa siteshoni ya mabasi ya Intercity, kumene kuli ofesi ya Registrar General yosunga kaundula wa kubadwa, imfa ndi maukwati.

Risiti imeneyo musaipepse. Pa mapepala onse amene ndinasonkhanitsa pambuyo pake, inali yokhayo yochokera ku ofesi ya boma yosonyeza kuti kope lenileni lili m'njira.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa. Mnzanga wina wa kumsika anandiuza kuti afidaviti, kalata yolumbira ija, imatha zonse. Tsiku lomwelo ndinapita kwa munthu wolemba makalata pa kompyuta m'tauni, anandilembera mizere inayi yonena kuti ndine mkazi wa uje, ndinakalumbira kwa Commissioner for Oaths, anadinda, ndalama zinapita. Bambo atapita nayo kuntchito inabwezedwa. Munalibe manambala a NRC, munalibe tsiku ndi malo a ukwati, ndipo ndinali nditalemba dzina la kwa amuna anga pomwe NRC yanga ili ndi dzina la kwa atate anga. Kwa munthu amene sakundidziwa, amenewo anali akazi awiri osiyana. Sindingawaimbe mlandu. Ndikanayamba ndafunsa.

Ndiye ndinachita chimene ndinayenera kuyambira. Ndinapempha bambo kuti andiperekeze kwa a HR, ofesi yoona za antchito pa kampanipo, pa nthawi ya nkhomaliro. Ndinawawonetsa setifiketi yong'ambikayo ndi risiti, n'kufunsa kuti angalandire chiyani pamene tikudikira, ndiponso kwa nthawi yaitali bwanji. Ndinawapempha kuti yankholo alilembe. Mayi wa HR anafunsa kaye a inshuwalansi, ndipo mawa lake anatumiza imelo kwa bambo. Anavomera kundilembetsa mongoyembekezera kwa masiku 90, tikabweretsa afidaviti yosainidwa ndi tonse awiri, kalata ya kutchalitchi, mafotokope otsimikizidwa a ma NRC ndi risiti ija. Kope lenileni likadzatuluka tidzalipereke masikuwo asanathe. Kampani ina kapena banki ikhoza kufuna zosiyana ndi zimenezi, ndipo pali ena, makamaka a ma visa, amene nthawi zambiri safuna kumva za china chilichonse koma setifiketi. N'chifukwa chake ndikuti funsani kaye amene akufuna umboniyo musanawononge ndalama ya basi ndi ya chidindo. Pepala lapakanthawi limagwira ntchito pokhapokha wolilandirayo atavomera.

Kutchalitchi ndinapita Lachitatu, tsiku limene abusa amakhala mu ofesi. Mlembi anatsegula kabati yachitsulo n'kutulutsa buku lalikulu la chikuto cholimba, m'mbali mwake mutada ndi manja a anthu. Anatsegula masamba mpaka anafika pa chaka chathu. Ndinawona dzina langa lolembedwa ndi dzanja lonjenjemera, pansi pake la bambo, kenako la apongozi anga aamuna amene anatisiya zaka ziwiri zapitazo. Iwo ankalemba pang'onopang'ono, chilembo chilichonse pachokha, ndipo ndinakumbukira mmene anapukutira magalasi awo ndi mpango asanagwire cholembera. Ndinakhala chete nthawi ndithu. Mlembi sanandifulumizitse.

Abusa analemba kalata pa pepala la mpingo lokhala ndi dzina ndi adiresi pamwamba. Anaikamo mayina athu athunthu, manambala a NRC, tsiku la ukwati, dzina la mbusa amene anatidalitsa, mayina a mboni ziwiri ndi nambala ya setifiketi. Ananenanso kuti tchalitchicho n'chololedwa ndi boma kumangitsa maukwati, mfundo imene ine sindikanaiganiza. Si mpingo uliwonse umene uli ndi chilolezo chimenecho, ndipo pali mabanja amene anadalitsidwa patchalitchi, anavala zoyera, anadya keke, koma ku boma sanalembedwe. Ngati setifiketi yanu ili ndi dzina la mpingo lokha, kafunseni msanga, musadikire tsiku la mavuto. Abusa anasaina, anadinda, ndipo anandilola kujambulitsa tsamba la m'bukulo. Mlembi anapita nalo yekha ku fotokope, sanalole kuti bukulo lichoke m'manja mwake, ndipo ndinamulemekeza chifukwa cha zimenezo.

Afidaviti yachiwiri tinailemba mosamala, titakhala pa tebulo usiku ana atagona. Tinalembamo kuti ndife ndani, ndi manambala a NRC ndi kumene tikukhala, kuti tinakwatirana liti, kuti, ndipo pansi pa lamulo liti, kuti setifiketi inawonongeka ndi madzi osefukira mu Januwale, kuti tapempha kope lina ndipo nambala ya risiti ndi yakuti. Ndinawonjezera mzere wonena kuti dzina la pa NRC yanga ndi dzina limene ndimadziwika nalo m'banja ndi la munthu mmodzi. Osasaina kunyumba. Afidaviti imasainidwa pamaso pa Commissioner for Oaths, ndipo ambiri mwa iwo ndi maloya. Amafuna kukuwonani ndi maso, kuwona NRC yeniyeni, n'kukufunsani ngati zimene zalembedwazo ndi zowona. Kunama pamenepo ndi mlandu. Mafotokope nawonso amawadinda atayerekeza ndi mapepala enieni, choncho tengani zonse, enieni ndi makope.

Ngakhale a HR sanapemphe, ndinaimbira foni amalume amene anali ankhoswe a kuchikazi. Amakhala ku Matero. Nditawafotokozera sanazengereze. "Mwana wanga, ukwati umenewu ndinauimira ine. Undiuze tsiku basi." Anabwera atavala jekete lawo la pa Sabata, NRC itakulungidwa m'kapepala ka pulasitiki m'thumba la mkati. Analumbira kuti analipo ndipo anasaina ngati mboni. Potuluka anatenga dzanja la bambo n'kunena kuti, "Akamwini, mapepala a banja muzisunga pamwamba." Bambo anangoti, "Tamva, amalume." Kalata ya amalumeyo inadzathandiza ku banki patapita milungu iwiri, pamene tinkasintha dzina la wolandira ndalama pa akaunti ya bambo.

Pali chinthu china chimene ndiyenera kutchula. Tsiku lina ndikuyenda m'tauni ndi envulopu yanga, mnyamata wina wovala bwino anandiyandikira. "Amayi, mukuvutikiranji ndi mimba? Ndipatseni kenakake, setifiketi mawa m'mawa ili m'manja." Miyendo inali itatupa, dzuwa likuswa mtengo, ndipo ndivomere kuti ndinaima n'kumvetsera. Koma ndinadzifunsa kuti pepala limenelo lichokera m'buku liti. Setifiketi imene nambala yake sikugwirizana ndi kaundula imadzakugwetsani pa nthawi yoipitsitsa, monga pa maliro pamene mukufuna ndalama za penshoni ku NAPSA, achibale atakuzungulirani. Ndinamuthokoza n'kupitiriza ulendo.

Mlongo wanga wamng'ono anakwatiwa mwamwambo kwathu ku Katete, ndipo atamva nkhani yanga anafunsa kuti iye angatani, poti ku Civic Centre sanapiteko. Ukwati wamwambo ndi wovomerezeka m'Zambia, koma njira yake ya mapepala imadzera ku Local Court. Kuno ku Lusaka makhoti amenewa alipo ku Boma, ku Chilenje, ku Matero ndi madera ena. Mwamuna ndi mkazi amapita ndi achibale a mbali zonse ziwiri amene angachitire umboni kuti mwambo unatsatidwa, ndipo khoti limapereka chikalata cha ukwatiwo. Ndinamulimbikitsa kuti apite ankhoswe akadali moyo ndiponso akadali ndi mphamvu zokwera basi. Akamwalira, umboni umavuta kwambiri.

Envulopu yonse tinaipereka kuntchito kutatsala masiku 9 kuti 30 aja akwane. Ndinapempha kuti asaine pa kope langa kusonyeza tsiku limene alandira. Patapita sabata khadi la inshuwalansi linatuluka, ndipo ulendo wotsatira wa ku sikelo ndinawonana ndi dokotala popanda kuwerenga ndalama m'chikwama. Tsiku lothera la masiku 90 ndinalilemba pa kalendala ya kukhitchini ndi cholembera chofiira, ndipo milungu iwiri iliyonse ndinkapita kukafunsa za kope lija, risiti ili m'manja. Ndikanawona kuti nthawi ikutha, ndinali nditakonza zopempha a HR kuti awonjezere masiku, mwa kalata, tsikulo lisanafike.

Sizinafike pamenepo. Kope lotsimikizidwa ndinalilandira mimba ili pa miyezi 8. Ndisanachoke pa kauntala ndinawerenga chilembo chilichonse, mayina, tsiku ndi nambala, ndikuyerekeza ndi NRC ndi kalata ya abusa, popeza kukonzetsa cholakwika mutachoka ndi ulendo wina. Zonse zinali bwino. Ndinapita molunjika kukajambulitsa makope asanu n'kudinditsa atatu. Limodzi linapita kuntchito kwa bambo, lina kwa amalume ku Matero, lina ndinatumiza kwa amayi ku Katete. Ndinalijambulanso pa foni n'kudzitumizira pa imelo. Lenilenilo lili m'chitini chotseka bwino pamwamba pa wadirobu, pamodzi ndi makadi a ana a ku sikelo ndi setifiketi yakale yong'ambika ija, imene bambo anakana kuti titaye.